Kusandutsa ma bookmark kukhala tsamba la malinki: njira iti ikuyenerani?

Munthu amene wagwiritsa ntchito Chrome kapena Firefox kwa zaka zingapo amakhala atasunga ma bookmark (maadiresi a masamba amene browser imakusungirani) ochuluka: masamba a maphunziro, malo otengako mafomu, nkhani zabwino zimene anati adzawerenganso. Anzake kapena ophunzira ake akayamba kumufunsa pafupipafupi kuti tsamba lija anatchula lili pati, ganizo limabwera loti malinkiwo awaike pa tsamba limodzi la webusaiti yake, aliyense azidzitengera yekha. Njira zake zilipo zingapo, ndipo zimasiyana kwambiri pa ntchito, pa mtengo ndi pa chitetezo.

Zonse zimayambira pa fayilo imodzi. Pa kompyuta, mukadina Ctrl+Shift+O mu Chrome mumalowa mu Bookmark Manager, ndipo pa timadontho titatu ta pakona pali Export bookmarks. Mu Firefox mabatani omwewo amatsegula Library, ndipo pa Import and Backup mupeza Export Bookmarks to HTML. Chrome wa pa foni ya Android alibe batani limeneli, choncho muyambe mwalumikiza foni ndi kompyuta kudzera mu akaunti yanu ya Google, kapena mutenge deta yanu ku Google Takeout, tsamba la Google lotengerapo kope la zimene muli nazo mu akaunti yanu. Chimene mumatulutsa ndi fayilo ya HTML imene mzere wake woyamba uli ndi mawu akuti NETSCAPE-Bookmark-file-1. Kalembedwe kameneka n'ka Netscape Navigator wa m'ma 1990, ndipo mpaka lero Chrome, Firefox, Edge ndi Safari onse amakamva.

Njira yoyamba ndi yongoiika fayiloyo pa seva monga momwe ilili. Popeza ndi HTML kale, imatseguka ndipo malinki amadinika. Koma chonde musatero. Browser imatulutsa zonse zimene munasunga, osasankha. M'menemo muli linki ya chikalata cha Google Docs chimene aliyense wokhala ndi linkiyo angatsegule, tsamba la m'kati la kuntchito kwanu, tsamba limene munafunsirapo ntchito kwina, ngakhale maina a mafoda amene amaulula zimene mumaganiza. Zili ngati kupatsa chikwama chanu chonse munthu amene wangopempha cholembera. Mukadzazindikira n'kuchotsa, Google akhoza kukhala ataliwerenga kale tsambalo, ndipo Wayback Machine, tsamba losunga makope akale a masamba a pa intaneti, ikhoza kukhala itasunga kope lake.

Fayiloyi ndi yolemeranso mosayenera. Pa malinki ambiri pamakhala gawo lotchedwa ICON, momwe kachithunzi ka tsambalo kamalembedwa ngati mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala. Tizithunziti sitioneka n'komwe fayiloyo ikatsegulidwa ngati tsamba, komabe owerenga pa foni amatilipira ndi bandulo yawo. Ndiponso fayiloyo sinakonzedwere foni, kotero zilembo zimaoneka zazing'ono kwambiri.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda kuposa zonse, ndi yoyeretsa fayiloyo ndi manja. Itseguleni mu pulogalamu yolembera monga Notepad++ kapena VS Code. Ntchito yotopetsa yochotsa tizithunzi imatha kamodzin'kamodzi: pa Find and Replace sankhani regular expression, lembani ICON="[^"]*" ndipo bokosi lachiwiri mulisiye lopanda kanthu. Chitaninso chimodzimodzi ndi ADD_DATE, amene ndi masekondi owerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1970 osonyeza nthawi imene munasunga linkiyo. Maina a mafoda, amene ali mu chizindikiro cha HTML chotchedwa H3, asanduke mitu ya zigawo za tsamba, ndipo zizindikiro za DL ndi DT zisanduke UL ndi LI, zimene ndi za mndandanda wamba. Pa malinki eni ake dulani michira yoyamba ndi utm_source kapena fbclid, chifukwa ntchito yake ndi yolondola anthu basi, ndipo kawirikawiri tsamba limatseguka bwinobwino popanda iyo.

Ubwino weniweni wa njirayi ndi woti imakukakamizani kuyang'ana linki iliyonse ndi maso anu. Mudzaona kuti ambiri mwa iwo anali ofunika kwa inu nokha, tsiku lomwelo basi. Mudzaonanso kuti mitu imene browser inasunga ndi imene eni masambawo analemba, ina yongoti "Home", ina yaitali mizere iwiri yodzaza mawu okopa Google. Tsamba la malinki limathandiza munthu pamene pansi pa linki iliyonse pali chiganizo chimodzi chofotokoza chimene akachipeze kumeneko, ngati n'kwaulere, ngati kumafuna akaunti, ngati kumatseguka bwino pa foni. Chiganizo chimenechi palibe pulogalamu imene ingachilembe m'malo mwanu, chifukwa ndinu amene mukudziwa chifukwa chake munasunga linkiyo. Malinki makumi anayi ofotokozedwa amathandiza kuposa mazana asanu opanda mawu. Tsamba lotere mungaliike mwaulere pa GitHub Pages, malo osungirako masamba a HTML, kapena kulimata mu tsamba wamba la WordPress. Vuto lake ndi limodzi: mukafuna kuwonjezera linki, muyenera kutsegulanso fayilo, ndipo anthu ambiri amalephera kupitiriza.

Amene amadziwa pang'ono Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, angasankhe njira yachitatu, yolemba kapulogalamu kowerenga fayiloyo n'kutulutsa Markdown, kalembedwe kosavuta kamene mapulogalamu opangira webusaiti monga Hugo kapena Jekyll amakasandutsa tsamba. Chinsinsi chake n'kutsegula foda imodzi mu browser, tinene kuti "Zapagulu", ndipo kapulogalamuko kazitenga zokhazo zimene zili m'fodamo. Mukatero, linki yachinsinsi singatuluke pokhapokha inu mwini mutaikokera m'menemo. Pali msampha umodzi woti muudziwe. Mu fayilo ya Netscape, zizindikiro za DT ndi P sizitsekedwa, ndiye BeautifulSoup, chida cha Python chowerengera HTML, ikamawerenga ndi html.parser imalowetsa linki ina m'kati mwa inzake ndipo mafoda amasokonekera. M'malo mwa html.parser gwiritsani ntchito html5lib, imene imawerenga monga momwe browser imachitira. Chosowa chachikulu pano ndi malo a mafotokozedwe aja. Chrome alibe polemba mawu ofotokoza bookmark, ndipo Firefox anachotsa malowo mu 2018 pa Firefox 62. Mafotokozedwe muyenera kuwasunga m'fayilo ina n'kumawalumikiza ndi malinki, kapena kuwalemba m'dzina la bookmark lomwelo. Njirayi imapindula ngati mumawonjezera malinki mwezi ndi mwezi. Ngati ndi ntchito ya kamodzi, nthawi yolemba kapulogalamu ikwana kuyeretsa fayilo yonse ndi manja.

Kenako pali makampani amene amakusungirani. Raindrop.io imalandira fayilo ya HTML ija, imasandutsa mafoda kukhala magulu, ndipo gulu limene mwasankha mungalitsegulire aliyense. Imaoneka bwino, ili ndi pulogalamu ya pa foni, ndipo zoyambira zake n'zaulere. Pinboard ndi yosavuta kwambiri ndipo imatseguka msanga, koma imalipidwa m'madola, chinthu chimene kwa wogwiritsa khadi la banki ya ku Malawi sichophweka pamene ndalama zakunja zikusowa. Pa kufulumira, njira ya makampaniyi imaposa yoyeretsa ndi manja ndi ya kapulogalamu. Nkhawa yanga ndi mbiri ya ntchito zamtunduwu. Delicious inayamba mu 2003, Yahoo inaigula mu 2005, inadutsa m'manja mwa eni angapo, mpaka Pinboard inaigula mu 2017 n'kuletsa kuwonjezeramo zatsopano. Xmarks inatsekedwa mu 2018, Google Bookmarks mu Seputembala 2021, ndipo Mozilla inatseka Pocket mu Julayi 2025. Tsamba limene lili pa adiresi ya kampani ina limatha tsiku limene kampaniyo yasintha maganizo, ndipo onse amene munawapatsa adiresiyo amakapeza palibe kanthu. Mukasankha njirayi, adiresi imene mumagawira anthu ikhale ya pa webusaiti yanu, kuchokera apo n'kumawalozera ku Raindrop, ndipo muzitulutsa kope la malinki anu nthawi ndi nthawi.

Pakati pa kudzipangira tsamba nokha ndi kudalira makampani pali mapulogalamu amene mumaika pa seva yanu. Shaarli inalembedwa mu PHP ndipo sifuna database, choncho imayenda ngakhale pa hosting yotsika mtengo imene ambiri ali nayo kale. Polowetsa fayilo imakulolani kunena kuti malinki onse akhale achinsinsi, inu n'kumatsegulira anthu linki imodziimodzi, uku mukulemba mawu ofotokoza. Imaperekanso RSS, njira yolandirira zatsopano za pa tsamba, kwa ofuna kutsata zimene mukuwonjezera. Linkding ndi yooneka mwamakono, koma kawirikawiri imaikidwa kudzera mu pulogalamu ina yotchedwa Docker, zimene zimafuna seva imene muli nayo mphamvu zonse. Dziwani kuti onse awiri amasanja malinki potsata tsiku ndi ma tag, atsopano pamwamba. Zimenezi n'zabwino kwa munthu amene amagawa zimene wawerenga sabata iliyonse, koma sizikwanira kwa mphunzitsi amene akufuna kuti ophunzira ayambe ndi linki iyi, kenako iyi. Ndipo chilichonse chokhala ndi polowera ndi password chimafuna kusamalidwa ndi kuikidwa zatsopano, pomwe tsamba la HTML wamba lingakhale zaka osalikhudza.

Za Links Manager, gawo la WordPress losungira malinki, musataye nazo nthawi. Inabisidwa kuyambira pa WordPress 3.5 mu Disembala 2012, ndipo imalandira fayilo ya mtundu wina wotchedwa OPML, osati fayilo ya browser.

Njira iliyonse imene mwasankha, yesani malinki musanawatulutse. Bookmark ya zaka zisanu zapitazo ikhoza kukhala yakufa, kapena choipa kwambiri, adiresi yake inagulidwa ndi ena amene anaikapo juga kapena zachinyengo. W3C Link Checker imakuuzani malinki amene sakutseguka, koma siingadziwe kuti tsamba lasintha eni, choncho amene mwawasankha muwadine nokha. Linki yakufa imene inali yofunika muifufuze pa Wayback Machine, muike adiresi ya kope lakelo, n'kulemba pambali kuti ndi kope lakale. Pansi pa tsamba lembani mwezi ndi chaka chimene munayesa malinkiwo komaliza.