Kudziyeza mawere pakhomo kapena kukayezetsa kuchipatala?

Khansa ya m'mawere imayamba pamene maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) abwinobwino, makamaka a m'tinjira ta mkaka, asokonekera DNA (malangizo oyendetsa selo) n'kuyamba kuchulukana osaleka. Zimatenga zaka chotupa chisanamveke m'dzanja. Ofufuza anapeza majini (tizigawo ta DNA timene timatengera kwa makolo) otchedwa BRCA1 mu 1994 ndi BRCA2 mu 1995, omwe akawonongeka chiopsezo chimakwera kwambiri, komabe odwala ambiri sanachite kutengera kumtundu. Ndiye tingaigwire bwanji msanga?

Kudziyeza: n'kwaulere, kamodzi pamwezi, masiku ochepa msambo utatha. Zala zitatu zizungulire bere lonse mpaka m'khwapa. Yang'anani nsonga ya bere yolowa mkati, khungu lokakala ngati la lalanje, kapena magazi otuluka kunsonga.
Kuchipatala: cha boma ku Thyolo ndi ku Mulanje simulipira, ku Malamulo ndi ku Mulanje Mission mumalipira. Onjezerani ya kabaza, ndipo mayi wothyola tiyi watayapo tsiku lantchito.

Pa zotsatira m'pamene pali kusiyana kwenikweni. Dzanja lanu limapeza chotupa chitakulako, ndipo silingasiyanitse khansa ndi chotupa wamba (zotupa zambiri si khansa, musafulumire kulira). Achipatala angakutumizeni kukajambulidwa, kapena ku Queens ku Blantyre kuti akadule kachidutswa ka mnofu n'kukapima. Chokhacho ndicho chimatsimikiza.

Mtsikana wopanda chizindikiro chilichonse, adziyeze kuti alidziwe thupi lake. Koma amene mwapeza chotupa cholimba ngakhale chisakupweteka, kapena amayi anu kapena achemwali anu anadwalapo khansayi, chonde musadikire mwezi wamawa, pitani kuchipatala sabata ino.