Kodi ku Turkey amakulola kupita ku tchalitchi? Ndiyankhe kamodzi

Chibwerereni kuno ku Istanbul funso limene landitopetsa pa WhatsApp ndi lomweli, "kodi kumeneko akumakulola kupemphera?" Amayi anga mpaka tsiku londiperekeza pa Chileka anandinong'oneza kuti Baibulo ndilibise pansi pa zovala, ati dziko la Asilamu angakandilande. Palibe anandilanda, chikwamacho sanachitsegule n'komwe. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsanso ndizingomutumizira zomwezi.

Eya, ndimapita. Kuno tsiku lopuma ndi Lamulungu ngati kwathu konko, zinakhala choncho kuyambira 1935. Lachisanu maofesi ndi otsegula, ife makalasi timalowa, wofuna swala amatuluka masana n'kubwereranso. Ine Lamulungu ndimakwera metro kukatsika pa Taksim, kutsetsereka mu msewu wa İstiklal mpaka pa Sent Antuan, tchalitchi cha Katolika cha njerwa zofiira, ndipo Misa ya Chingelezi mukalowa mungayese muli ku Africa chifukwa adzaza ndi anzathu aku Nigeria ndi ku Congo, kuphatikiza aku Philippines. Asilamu odutsa ndi njira amalowanso, kuyatsa kandulo, kujambula zithunzi, kumapita. Koma pageti apolisi sasowa kawirikawiri, ndipo sikuti amangocheza ayi, mu January 2024 anthu a mfuti analowa mu tchalitchi cha Santa Maria ku Sarıyer Misa ili mkati n'kupha munthu mmodzi. Nkhani imeneyi amayi sindinawauze, chonde musakawauze.

Tsono pali liwu limene mumalimva paliponse kuno, laiklik. Lili m'malamulo aakulu a dziko kuyambira 1937, kuti Turkey ilibe chipembedzo cha boma. Ine nditangomva ndinati aaa basi ndamvetsa, boma uko, mzikiti uko, aliyense zake. Ndinalakwitsa kwambiri. Amene anandiwongola ndi mnzanga wa mu hositelo, mnyamata woswali kasanu patsiku osaphonya. Anandifunsa kuti kodi ukudziwa amene amalipira imamu wa mzikiti uli kuseri kwa hositelo yathuwu? Ndinati anthu a mumzikitimo, chopereka. Anaseka. Ndi boma. Kuli ofesi yaikulu ya boma dzina lake Diyanet, imeneyo ndi imene imalemba ntchito maimamu a m'mizikiti yoposa 80,000, malipiro pakutha pa mwezi ngati aphunzitsi, ndiponso ulaliki wa Lachisanu umalembedwa ku likulu la dziko ku Ankara n'kuwerengedwa womwewo dziko lonse. Taganizani abusa a CCAP kumalandira salale ku Capital Hill, ulaliki wa Lamulungu kumachokera ku Lilongwe mu envulopu, a Sinodi angalole zimenezo? Kuno ndi mmene zilili, ndipo ndalama zake ndi msonkho wa aliyense, Mkhristu ndi wosapemphera yemwe.

Ndiye laiklik ya kuno, mmene ndaionera ine, sikulekanitsa ayi. Ndi boma kugwira chipembedzo pachingwe ngati mbuzi, likafuna kufupikitsa lifupikitsa, likafuna kutalikitsa litalikitsa. Zinayamba ndi Mustafa Kemal Atatürk, amene chithunzi chake chili m'kalasi iliyonse ndi pa ndalama iliyonse. Anakhazikitsa ripabuliki mu 1923, chaka chotsatira anathetsa udindo wa khalifa, mtsogoleri wamkulu wa Asilamu, ndipo tsiku lomwelo Diyanet ija inabadwa. Mu 1928 anachotsa mawu oti Chisilamu ndi chipembedzo cha dziko. Zinafika poti kuyambira 1932 mpaka 1950 mwazini ankaitanira swala m'Chituruki, Chiarabu chinaletsedwa pa adhana.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'choti amene chingwechi chinawapweteka nthawi yaitali ndi Asilamu eni akewo. Mnzanga uja anandiitanira kwawo tsiku lina, mayi ake akutithirira tiyi m'timatambula tating'ono tija anayamba kufotokoza za zaka za pambuyo pa 1997, pamene asilikali anakankha boma n'kukhwimitsa lamulo loletsa hijabu ku yunivesite. Iwo sukulu anaisiyira panjira. Anzawo ena ati ankavala wigi pamwamba pa mpango kuti alowe pageti, ena anakaphunzira kunja amene makolo awo anali nazo. Mu 1999 mayi wina, Merve Kavakçı, anawina chisankho koma atalowa mu Nyumba ya Malamulo ndi mpango kumutu anamukuwiza mpaka sanalumbire. Lamulo loletsa mpango kwa ogwira ntchito m'boma linachotsedwa mu 2013 mu ulamuliro wa Erdoğan. Ndikumvetsera mayi aja mtima unathamangira ku Balaka, mkangano uja wa 2019 wa atsikana ovala hijabu pa sukulu ya mishoni, anthu mpaka kugendana. Nthawi imeneyo ine ndinali mbali ya oti sukulu ndi ya mpingo atsate malamulo a eni ake. Nditaona mayi wa zaka 50 akugwetsa misozi chifukwa cha digiri imene sanamalize, ndinangoti zii, tiyi n'kuzizira m'manja.

Koma musathamangire kuombera m'manja. M'chipinda mwathu momwemo muli wina wa ku İzmir, pa mapepala ndi Msilamu, koma Ramadan samanga, Loweruka amamwa rakı, mowa wa kuno, ndipo iyeyo amati chingwe chija pano chatembenukira kwa iwo. Amadandaula kuti sukulu za boma za Chisilamu zotchedwa imam hatip zachuluka, mowa msonkho wake ndi wosayamba, mashopu saloledwa kugulitsa ikakwana 10 koloko usiku, ndipo za Ayasofya musamuyambe. Nyumba ija inali tchalitchi chachikulu, mu 1453 inasanduka mzikiti, Atatürk anaisandutsa museum mu 1934, kenako mu July 2020 yabwereranso kukhala mzikiti. Awiriwa akayambana za laiklik usiku ine ndimangofunda bulangete, aliyense amati mnzakeyo ndiye akufuna kumupondereza, m'mawa mupeza akugawana simit, buledi wa kuno, ngati palibe chinachitika.

Amene nkhani yawo sindinkaidziwa n'komwe ndi Alevi, gulu limene limapemphera mosiyana ndi Asilamu a Sunni amene ali ochuluka kuno. Alipo mamiliyoni, sapita ku mzikiti, amapemphera m'nyumba zawo zotchedwa cemevi amuna ndi akazi pamodzi, ndi nyimbo za saz, choimbira chokhala ngati banjo. Boma mpaka lero cemevi siliiwerengera ngati nyumba yopemphereramo mofanana ndi mzikiti, ngakhale khothi la ku Ulaya la za ufulu wa anthu linagamula mu 2016 kuti kumeneko n'kusala. Ana awo amalowa phunziro la chipembedzo lokakamiza limene kwambiri limaphunzitsa Chisilamu cha Sunni, pamene mwana wa Mkhristu kapena Myuda atha kupempha osalowa. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu tinacheza miyezi isanu ndi umodzi asananene kuti ndi Alevi, ndipo ponena anatsitsa mawu. Ndi iye anandiuza za ku Sivas mu 1993, gulu la anthu linayatsa hotela mmene munali alendo a chikondwerero cha Alevi, anafa oposa 30.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ufulu wangawu ndi wa mlendo. Ine wakuda, wophunzira, ndikavala kolona m'khosi anthu amangoti "yabancı", wakunja, zake zimenezo. Koma Mturuki akasiya Chisilamu n'kulowa Chikhristu, lamulo silimuletsa, palibe amumange, chipembedzo sichionekanso pa ID zatsopano, vuto limakhala kunyumba ndi kuntchito, ena makolo amawakana. Ku Malatya mu 2007 Akhristu atatu anaphedwa mu ofesi yosindikiza mabuku achikhristu. Seminale ya Agiriki a Orthodox pa chilumba cha Heybeliada inatsekedwa mu 1971. Ndipo tchalitchi choyamba kumangidwa chatsopano chiyambireni ripabuliki, Mor Efrem ku Yeşilköy, chatsegulidwa mu 2023, patatha zaka 100. Inu a maulaliki a m'basi ndi pamsika aja, kuno musayerekeze, abusa ambiri akunja anakanizidwa kulowanso m'dziko muno popanda mlandu wa kukhothi. Ife a Malawi tisadzimvenso kwambiri, a Mboni za Yehova tinawaletsa kuyambira 1967 mpaka 1993, agogo anga amakumbukira nyumba zawo zikuyaka.

Za tsiku ndi tsiku n'zosavuta. Ramadan kumadutsa woimba ng'oma cha m'ma 3 koloko usiku kudzutsa anthu adye daku, chaka choyamba ndinadzuka n'kuyesa kwagwa maliro. Madzulo ma khonsolo amamanga matenti ofuturu ulere, ine ndimakhala pamzere ndi mbale yanga, palibe anandifunsapo kuti wamanga kapena ayi. Ku Kadıköy malesitanti amakhala otsegula masana onse, koma ku Fatih, dera la anthu olimbikira chipembedzo, botolo la madzi ndimalibisa mu chikwama, ulemu chabe. Kapado iwalani, ndinaiona kamodzi mu shopu ina mtengo wake ndinangobwerera.

Chimene chimandiwawa mpaka pano ndi Khirisimasi. Misewu imawala, mitengo ija yokongoletsa ili mbwee m'mashopu, Noel Baba, Father Christmas wa kuno, ndi ndevu zake, koma zonsezo ndi za New Year, pa 25 December ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse. Chaka chatha ndinali ndi mayeso 9 koloko m'mawa. Amayi anaimba foni ndikutuluka m'kalasi, kumbuyo kukumveka kwaya ndi ana akulimbirana Fanta, akuti "wadya mpunga wa nkhuku?" Ndinali nditagwira döner ya pa kantini, ndinangoti eya amayi, ndadya.