Foni ikuti pakhomo pali munthu, kukaona ndi mphaka

Ambiri mwa inu mukamandiimbira pa WhatsApp mumafunsa za kabokosi kakuda kamene kali pambali pa chitseko cha nyumba yomwe ndimachita lendi kuno ku Leicester, ku England. Ndi belu la pakhomo lokhala ndi kamera mkati. Kuno kulibe zoti odi. Munthu akangofika pakhonde, ngakhale asanadine belulo, foni imalira n'kukuuza kuti pakhomo pali munthu, ndipo ukhoza kumuona n'kulankhula naye iwe uli kuntchito. Mumsewu wathu nyumba zambiri zili nako. Mitundu yake ilipo yambiri: Ring, yomwe kampani ya Amazon inagula mu 2018, Nest ya Google, Eufy ndi ina.

Vuto lake n'lakuti kamerayo imanama. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri shifiti ya usiku, ndiye masana ndi nthawi yanga yogona. Tulo tikangoyamba kukoma, foni ija gwe! Munthu pakhomo. Kutsegula foni, ndi mphaka wa aneba wakwera pakampanda, akununkhiza kamera. Azungu amphaka awo amawasiya aziyendayenda, ena mpaka anaboola kakhomo kakang'ono pansi pa chitseko kuti mphaka azilowa ndi kutuluka mmene wafunira. Usiku kumabweranso nkhandwe. Musadabwe, kuno nkhandwe zimakhala m'tauni momwemo, zimafwanthula m'mabini ndipo siziopa munthu kwenikweni.

Mnzanga wina amene amakonza zamagetsi anandifotokozera chimene chimachitika. Makamera ambiri oyendera batire amakhala chigonere kuti moto usathe msanga. Chimene chimawadzutsa ndi kachipangizo komva kutentha kwa chinthu choyenda, ndipo thupi la mphaka n'lofunda ngati la munthu. Ikadzuka, pulogalamu ya mkatimo imayang'ana chithunzi n'kungoyerekeza kuti ichi n'chiyani. Mphaka akayandikira kwambiri amadzaza chithunzi chonse n'kuoneka wamkulu. Galu akaimirira ndi miyendo iwiri pachitseko ndiye basi, wasanduka mlendo. Usiku zithunzi zimakhala zakuda ndi zoyera zokha, kusokonekera kumachuluka. Ngakhale ulusi wa kangaude umawala usiku n'kuipusitsa.

Kwa ine n'kungotaya tulo, koma kuntchito ndinaona pamene nkhaniyi imapweteka. Pali gogo wina wodwala matenda oiwalaiwala amene tinkamuyendera kunyumba kwake masana. Usiku ankagona yekha. Mwana wake wamkazi amakhala mumzinda wina kutali, ndiye anaika kamera kuti azidziwa ngati mayi ake atuluka panja. Usiku wina m'nyengo yozizira foni inamudzutsa kuti pakhomo pali munthu, chithunzi chinachedwa kutseguka, iye mtima m'mwamba, n'kudzutsa aneba kuti akaone. Anapeza gogo ali mtulo, mphaka wake yemwe ndi amene anali pakhonde. Zitachitika kangapo, mwana wa gogo uja anatopa n'kuzimitsa kulira kwa foni usiku. Apa ndi pamene ine ndinadandaula, chifukwa gogoyo atati atulukedi m'chisanu chimene chija, palibe akanamva.

Njira zochepetsera vutoli zilipo. Pa foni umatha kujambula malire a malo amene kamera iziyang'ana, n'kusiya kampanda ndi msewu kunja. Umathanso kuchepetsa mphamvu yake yomva zoyenda, kapena kuikweza kuti isamaone pansi kwambiri. Makampani ena amafuna uzilipira mwezi ndi mwezi kuti foni izilira pa anthu okha, ndipo ngakhale ulipire, mphaka amadutsabe ngati munthu mwa apo ndi apo. Ukachepetsa kwambiri mphamvu yomva zoyenda ija, wobweretsa katundu amafika n'kusiya phukusi foni ili zii.

Malire aja ndi ofunikanso pa za malamulo. Mu 2021 khoti la ku Oxford linapeza bambo wina wolakwa chifukwa makamera ake ankajambula ndi kutola mawu mpaka kufika kwa neba wake. Komanso ife ogwira ntchito m'nyumba za anthu timadziwa kuti ana a okalamba aja amaona pa kamera nthawi imene talowa ndi imene tatuluka. Ukachedwa pang'ono, abwana amva kale.

Achimwene, mwakhala mukundiuza kuti ndikutumizireni imodzi yoika kunyumba ija ya ku Area 25. Sindikukana, koma imafuna intaneti ya wifi yosaduka, ndipo magetsi akathima rauta imathimanso. Ndiye poti pabwalo panu pamadutsa nkhuku, mbuzi za aneba ndi ana opita kukatunga madzi, foni yanu izilira ngati ya wogulitsa Airtel Money kumapeto a mwezi. Ndalama imeneyo kuli bwino ndiwonjezere pa ya geti, galu Tiger apitirize ntchito yake.