CER, PEEL kapena Toulmin: chomwe chandithandiza pa chimangirizo cha mtsutso kuno ku America

Makolo anzanga pa gulu lathu la WhatsApp mwandifunsa kangapo zoti mugwiritse ntchito pothandiza ana kulemba chimangirizo cha mtsutso, ndiye ndiyankhe kamodzi pano.

Vuto linayamba mu 2010 pomwe Common Core, miyezo ya zomwe ana ayenera kuphunzira m'giredi iliyonse, inatuluka ndipo zigawo zoposa 40 za America zinaitenga. Mwana akakhala giredi 5 kupita m'munsi amalemba maganizo ake, omwe amawatcha opinion. Akangolowa giredi 6 dzina limasintha kukhala argument, ndipo amafuna claim (zomwe ukunena), zifukwa, ndi umboni. Giredi 7 ayenera kuvomereza kuti pali ena oganiza mosiyana naye, ndipo pofika giredi 8 mawu akuti counterclaim (mfundo ya wotsutsa) amakhala atalowa. Texas ndi Virginia sanatenge Common Core n'komwe, choncho funsani kaye mphunzitsi wa mwana wanu.

Ine ndinapsa ndi mapepala ogula pa intaneti. Pachikuto analemba kuti ndi ogwirizana ndi Common Core, ndinalipira madola 18, n'kusindikiza masamba onse pa printa ya kunyumba mpaka inki kutha. Mkati munali njira yakale ija ya persuasive, yongokopa wowerenga: yamba ndi funso lokopa, gwira mtima wa wowerenga, bwereza mfundo yako mwamphamvu pomaliza. Anangofufuta mawu akuti thesis (mfundo yaikulu) n'kuikapo claim, basi. Pepala losonyeza kagawidwe ka malikisi, lomwe ndinkalifuna kwambiri, ankaligulitsa padera, ndipo izi ndinaziona nditalipira kale.

Mwana wanga wamkazi, ali giredi 7 nthawi imeneyo, anatsatira mapepalawo bwinobwino. Mutu unali woti sukulu iziyamba mochedwerapo m'mawa. Analemba zogwira mtima ndithu, za ana oodzera m'basi kukadali mdima. Pepala linabwera ndi inki yofiirira m'mbali monse, mphunzitsi akufunsa malo atatu kuti umboni uli kuti, ndipo pansi anafunsa kuti nanga makolo opita kuntchito m'mamawa anganene chiyani. Analira madzulo amenewo, ine manyazi ali tho, poti ndine ndinamupatsa mapepalawo. Kukopa munthu ndi kumutsimikizira ndi umboni, miyezo yatsopanoyi imazisiyanitsa, ndipo wogulitsa uja ankadziwa zimenezi.

Njira ya CER (Claim, Evidence, Reasoning) ndi yomwe inatipulumutsa. Inachokera kwa aphunzitsi a sayansi, makamaka Katherine McNeill ndi Joseph Krajcik, ndipo ili ndi magawo atatu okha: zomwe ukunena, umboni wake, ndi kufotokoza chifukwa chomwe umboniwo ukugwirizana ndi zomwe wanenazo. Titalembanso, anaikamo zoti mu 2014 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalangiza kuti sukulu za ana osinkhuka zisamayambe 8:30 isanakwane. Gawo lachitatu ndi lomwe linamuvuta. Ankaona ngati akatchula madokotala nkhani yatha, mpaka ndinamufunsa kuti, "Ndiye n'chiyani?" katatu. Pamenepo m'pamene analemba za tulo ndi kumva bwino m'kalasi. Chofooka cha CER n'choti aphunzitsi ambiri amaipereka yopanda mbali ya wotsutsa, ndiye ndime imeneyo muziwonjezera nokha kuyambira giredi 7.

PEEL (Point, Evidence, Explanation, Link) ndi ya abale athu a ku Britain. Imamanga ndime imodzi bwino, koma mwana akanena kuti point pomwe mphunzitsi akufuna kumva claim, mwangomuwonjezera chisokonezo.

Toulmin ndimamulemekeza koma sindingamupereke kwa mwana wa zaka 12. Stephen Toulmin, katswiri wa ku Britain, anafotokoza njira yake mu 1958 ndipo ili ndi magawo asanu ndi limodzi. Mawu ake akuti warrant ndi omwewo omwe CER imawatcha reasoning, ndipo ndinataya sabata yathunthu ndisanazindikire kuti ndi chinthu chimodzi chovala malaya awiri. Muwerengeni inuyo makolo, mwana adzakumana naye ku high school.

Musanagule kalikonse, pemphani kwa mphunzitsi pepala lomwe amachongera, amapereka ulere. Mapepala anga a madola 18 aja mng'ono wa mwana wanga uja akujambulapo magalimoto kuseri kwake.