Wokamba nthano patebulo: D&D, Pathfinder kapena Fate?

Osewera atsopano a masewera a patebulo oseweretsa nthano ndi madayisi (RPG) kuno ku Mangochi amakonda kufunsa funso limodzi: mtengambali wanga ndikufuna akhale wokamba nthano, ngati agogo aja oyamba ndi "Padangotero" ana nkumavomera "Tili tonse", ndiye malamulo ati angandipatse zimenezo? Njira zilipo zitatu, koma sizilingana.

Ambiri amathamangira ku Dungeons & Dragons ya 5th edition nkusankha bard, mtengambali woimba ndi kukamba nthano. Chida chake chachikulu ndi Bardic Inspiration: mumapatsa mnzanu dayisi ya d6 (ya mbali 6) kuti awonjezere pa zomwe waponya, bola akhale pasanapitirire mafiti 60. Dayisiyo imakula kukhala d8 pa levulo 5, d10 pa levulo 10 ndi d12 pa levulo 15. Ngati Charisma yanu (mphamvu yokopa anthu) ndi 16, mumapereka katatu basi, ndipo musanafike levulo 5 imabwerera pokhapokha gulu litapuma long rest, kupuma kwakutali kwa m'masewera. Zimathandiza ndithu, koma nthano mulibemo. Kaya munene za Kalulu, kaya mungotsokomola, mnzanu alandira d6 yomweyo.

Msampha weniweni uli pa College of Spirits, mtundu umodzi wa bard mu D&D. Pongomva kuti bard ameneyu ali ndi luso lotchedwa Tales from Beyond, munthu amati ndapeza. Choyamba, sali mu Player's Handbook ya 2014. Ali mu Van Richten's Guide to Ravenloft ya 2021, buku lina lolipira pa lokha, m'madola, pamene inu mukufunamo masamba ochepa chabe. Chachiwiri ndiye chowawa: nthano simusankha nokha. Mumawononga Bardic Inspiration imodzi ndi bonus action (kachochita kowonjezera pa nthawi yanu yosewera), nkuponya dayisi yanu pa tebulo la nthano 12, kenako muwonongenso action (chochita chanu chachikulu) kuti nthanoyo igwire ntchito pa munthu.

Taonani mmene zimakhalira. Mnzanu watsala madzi amodzi, ng'ona yamugwira mwendo m'bango, inu mwaponya 1. Yatuluka nthano ya nyama yochenjera, imene imangothandiza pa mayeso a Intelligence, Wisdom ndi Charisma. Ng'ona ilibe nazo ntchito. Nthano ya mngelo, yochiritsa mabala, ili pa nambala 11, ndipo d6 siingafike kumeneko. Muyenera kudikira d12 ya pa levulo 15, pomwe magulu ambiri amabalalika asanafikeko, wina wapita kusukulu, wina ntchito yamutengera ku Lilongwe. Pa levulo 3 muli ndi nthano 6 zokha mwa 12 zija. Kuponya kawiri nkusankhapo kumayamba pa levulo 14. Wokamba nthano wanji wosadziwa chimene chituluke pakamwa pake? Agogo amayang'ana kaye mwana amene waba chiponde, ndiye nkusankha nthano yomuyenera. Luso lonse lagona pa kusankhako, ndipo ndi lomwe malamulowa achotsa.

Ngati gulu lanu lakakamira D&D, tengani mtundu wina wa bard, College of Lore. Ili mu SRD 5.1, chikalata cha malamulo chomwe ndi chaulere, imakupatsani maluso atatu owonjezera ndi Cutting Words, yochotsera mdani manambala pomunyoza. Ikani Expertise (ukatswiri wowonjezera) pa maluso a Performance ndi History. Musavutike ndi Basic Rules za 2014, mulibe bard.

Pathfinder 2e, yomwe Paizo inatulutsa mu 2019, imachitako bwino pa mtengo chifukwa malamulo onse mumawerenga ulere pa webusayiti ya Archives of Nethys, bandulo yokha. Nyimbo ya bard wa kumeneko, Courageous Anthem, imene kale inkatchedwa Inspire Courage, imapatsa anzanu onse a m'mafiti 60 +1 pa kumenya, pa kuvulaza ndi pa kulimbana ndi mantha, ndipo mungaibwereze kangati konse. Vuto lake, imakhala raundi imodzi, choncho imadya action imodzi mwa zitatu zanu nthawi zonse. Lingering Composition imaitalikitsa kufika maraundi 3, kapena 4 mukaponya bwino kwambiri pa Performance. Ndi yodalirika, koma pofika raundi yachisanu palibe amene akukambanso nthano, aliyense akungoti "musaiwale +1 yanga".

Fate Core ya 2013 ndiyo ndingaikire kumbuyo. Mulibe bard, mumamanga nokha. Lembani aspect yaikulu, mawu ofotokoza mtengambali wanu, mwachitsanzo "Wokamba nthano wa ku Makanjira amene mafumu amachita kumuitanitsa". Ikani Rapport (luso lokopa anthu) pa +4, Lore (luso la chidziwitso) pa +3, ndi stunt (luso lapadera) yoti mumapeza +2 mukamakamba nthano pagulu. Tinene kuti gulu likufuna bwato usiku koma asodzi akukana. Mumakamba nthano yanu padoko, nkuponya kuti mupange advantage, mwayi wothandiza gulu. Mukapambana, patebulo paikidwa kapepala kolembedwa "Asodzi agwidwa mtima ndi nthano ya mwana wamasiye", ndipo mmodzi wa anzanu angakagwiritse ntchito kamodzi mwaulere kuti apeze +2. Mukapyola nambala yofunika ndi 3 kapena kuposa, ndi kawiri. Apa mawu enieni a nthano ndiwo amanena pomwe thandizolo lingagwire: kwa asodzi ligwira, kwa ng'ona ayi. Mnzanu akatola kapepalako, ndiye "Tili tonse" uja.

Madayisi sakuvutitsani. Fate imafuna anayi, ndipo a ludo akwana: 1 ndi 2 ndi kuchotsera, 3 ndi 4 palibe kanthu, 5 ndi 6 ndi kuwonjezera. Za kusaka d20 ndi d12 iwalani.

Pomwe imaterera ndi pa woyendetsa masewera wofewa. Akalola aspect yotambalala ngati "Amadziwa nthano zonse", wosewerayo aziitchula pa chilichonse, ngakhale popalasa bwato, nkutha ma fate point ake atatu, olipirira kutchula aspect, ola lisanathe. Mukanizeni poyamba pomwe, ndipo mulembetse aspect imene ingamubweretserenso mavuto, monga "Sangaleke nthano pakati ngakhale adani akubwera".