Matebulo a ONS a imfa ndi katemera: othandiza, koma ofunika kuwerenga mofatsa

Ndimasamalira okalamba kuno ku England, ndipo abale awo amandifunsa kawirikawiri ngati katemera wa COVID-19 amapha. N'chifukwa chake ndinatsegula matebulo aulere a ziwerengero a Office for National Statistics (ONS), bungwe la boma loona za ziwerengero, oyerekeza imfa za obayidwa katemerayu ndi osabayidwa.

Chimene ndayamikira n'choti amawerengera poganizira msinkhu. Izi n'zofunika chifukwa katemera anayamba kuperekedwa kuno pa 8 December 2020, ndipo okalamba ndiwo anali patsogolo. Komabe tebulo lina la 2021 linaphatikiza anthu a zaka 10 mpaka 59 m'gulu limodzi, obayidwa n'kuoneka ngati akufa kwambiri, chonsecho ambiri mwa iwo anali achikulire pamene osabayidwa ambiri anali ana ndi achinyamata. Anthu anafalitsa tebulolo pa intaneti osafotokoza zimenezi, ndipo zinandipweteka mtima.

Nkhawa yanga ili kwina. Munthu wodwala mwakayakaya nthawi zambiri sabayidwa, kapena katemera wake wachiwiri amachedwa. Akamwalira, imfa yake imachulukitsa imfa za m'gulu la osabayidwa kapena obayidwa kamodzi kokha, katemera n'kuoneka ngati akuteteza ngakhale ku matenda osakhudzana naye. ONS imachenjeza za zoterezi, koma m'ndemanga zimene ambiri sazifika.

Pa foni matebulowa amavuta kwambiri. Atseguleni pa kompyuta, muyambe ndi ndemangazo.