Godot 4 kwa wopanga gemu payekha: imathandiza pati, imapunthwitsa pati

Munthu wopanga gemu payekha amakhala wolemba khodi, wojambula, wokonza nyimbo, woyesa komanso wotsatsa malonda, zonsezi mutu umodzi. Ndiye posankha injini, pulogalamu yopangira gemu, chofunika kuyang'ana n'chakuti imakudyerani nthawi yochuluka bwanji pa ntchito zimene si gemu yeniyeniyo. Tikayeza motero, Godot 4 imachita bwino kwambiri pa magemu a 2D, pa 3D ndi yapakatikati, ndipo imatopetsa ikafika nthawi yotulutsa gemu kuti ifike m'manja mwa osewera.

Anaiyambitsa ndi Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina. Khodi yake inaperekedwa poyera mu 2014 ndi chilolezo cha MIT, ndipo mtundu wa 4.0 unatuluka mu Malichi 2023. Simulipira kalikonse ngakhale gemu yanu itagulidwa motani. Chomwe amafuna n'choti mawu a chilolezocho aoneke penapake m'gemumo, monga pa tsamba la mayina a opanga. Pa injini zina, Unreal imatenga 5 peresenti gemu ikadutsa madola 1 miliyoni. Unity inalengeza mu Seputembala 2023 kuti izilipiritsa gemu ikaikidwa pa chipangizo, kenako inabweza ganizolo patatha chaka, koma ambiri anali atasamuka kale, kuphatikizapo kampani ya Mega Crit yomwe inapititsa gemu yake ya Slay the Spire 2 ku Godot. Brotato ndi Buckshot Roulette anapangidwanso ndi injini imeneyi, ndiye nkhani yoti ndi choseweretsa cha ophunzira inatha kalekale.

Pulogalamu yake ndi fayilo ya zip yosakwana 100 MB. Simuyika chilichonse pakompyuta, simutsegula akaunti, ndipo imayenda ngakhale ili pa fulashi. Mukadina F1 mumapeza malongosoledwe a node iliyonse, tizigawo tomangira gemu, opanda intaneti. Pomwe bandulo imathera ndi pa export templates, mafayilo omwe amafunika kuti gemu isanduke exe kapena apk. Amabwera onse pamodzi, cha m'ma 1 GB, ndipo amayenera kufanana ndendende ndi mtundu wa Godot womwe muli nawo: a 4.3 sagwira pa 4.4. Tsitsani fayilo yake ya tpz kamodzi pomwe pali Wi-Fi, muisunge pa fulashi, muziiyika kudzera pa Editor, Manage Export Templates, Install from File. Ndipo mukayamba gemu pa mtundu wina, khalani pomwepo mpaka muimalize.

Potsegula pulojekiti yatsopano imakufunsani renderer, njira yojambulira zithunzi pa skirini: Forward+, Mobile kapena Compatibility. Forward+ imadalira makadi a zithunzi amakono oyendetsa Vulkan, ndipo malaputopu akale aja a Intel HD amavutika nayo kapena kuikaniratu. Compatibility imangofuna OpenGL 3.3, imayenda pa mafoni otsika mtengo, ndiponso ndi yokhayo yomwe imatulutsa gemu yoseweredwa m'browser. Zomwe mumataya ndi monga chifunga cha volumetric ndi kuwala kwa SDFGI, zonse za 3D, zomwe gemu ya 2D ilibe nazo ntchito. Sankhani Compatibility pokhapokha muli ndi chifukwa chenicheni.

Ubwino waukulu wa Godot uli pa kamangidwe ka ma node ndi ma scene. Wosewera wa gemu yodumphadumpha ndi CharacterBody2D, m'kati mwake muli Sprite2D ya chithunzi, CollisionShape2D ya thupi logundana ndi zinthu, ndi Camera2D yomutsatira. Mukasunga zimenezi ngati scene imodzi, mukhoza kumuika pa levulo iliyonse, ndipo mukasintha pa fayilo yoyambayo zimasinthira ponseponse. Mdani, chitseko, ndalama yotola, menyu, zonse zimamangidwa chimodzimodzi. Kwa munthu yemwe angasiye pulojekiti milungu itatu chifukwa cha ntchito ina, izi n'zothandiza zedi, chifukwa akabwerera amangoyang'ana mndandanda wa ma node n'kukumbukira pomwe analekezera. GDScript, chinenero cholembera khodi mu Godot, imafanana ndi Python ndipo imaphunzirika msanga. Muzilemba mtundu wa chinthu chilichonse, monga var liwiro: float = 200.0, kuti editor izigwira zolakwika musanayendetse gemu.

Zopunthwitsa nazo zilipo, ndipo choyamba ndi maphunziro akale. Mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi a Godot 3, ndipo khodi yake siyenda pa 4. KinematicBody2D inasanduka CharacterBody2D, yield inasanduka await, instance() inasanduka instantiate(), export var tsopano imalembedwa @export var, ndipo move_and_slide() salandiranso liwiro m'mabulaketi koma amawerenga velocity yekha. Ngakhale m'kati mwa 4 momwemo, TileMap inalowedwa m'malo ndi TileMapLayer pa 4.3. Yambani mwaona chaka cha vidiyo. Komanso khodi yokopera pa intaneti imabwera ndi masipesi pomwe yanu ili ndi ma tab, ndipo GDScript imakana zosakanizazo.

Chachiwiri ndi delta, nthawi yomwe yadutsa kuchokera pa fulemu yapitayo. Khodi yoyendetsa thupi iziikidwa mu _physics_process, yomwe imayenda ka 60 pa sekondi mosasintha, osati mu _process yomwe imatsatira mphamvu ya kompyuta. Mphamvu yokokera pansi muziichulukitsa ndi delta poiwonjezera ku velocity, koma velocity yeniyeniyo ayi, chifukwa move_and_slide() amachita kale zimenezo. Mukachulukitsa kawiri, wosewera amangokwawa pa skirini ngakhale mwamulembera liwiro la 200, ndipo ambiri amathamangira kukweza nambalayo mpaka masauzande m'malo mochotsa delta wachiwiriyo.

Chachitatu chimasokoneza ngakhale odziwa. Ma resource, monga material yomwe imapereka maonekedwe a chinthu, amagawanidwa. Mukaika adani khumi kuchokera ku scene imodzi n'kusintha material ya mmodzi kuti afiire akamenyedwa, onse khumi amafiira, chifukwa akugwiritsa ntchito material imodzimodziyo. Mankhwala ake ndi kuchonga Local to Scene pa resource imeneyo kapena kuitana duplicate() mu _ready. Pa zogundana, layer imanena pomwe chinthu chili, mask imanena zomwe chimaona. Chipolopolo chikadutsa mdani osamukhudza, yang'anani mask ya chipolopolocho musanakayikire khodi. Ma layer alipo 32, apatseni mayina mu Project Settings tsiku loyamba lomwelo.

Wojambula timadontho ta pixel art apeza zithunzi zake zikuoneka mbuu. Sinthani Default Texture Filter ikhale Nearest, ndipo skirini yoyambira ikhale 640 kwa 360, yomwe imalowa kawiri mu 1280 kwa 720 ndi katatu mu 1920 kwa 1080 popanda kupotoka.

Tsopano kutulutsa, komwe nthawi yambiri imatayikira. Gemu yoyenda bwino mu editor ikhoza kufa ikangosanduka exe, ndipo zifukwa zake zimakhala zomwezomwezi. Foda ya res:// silembeka gemu ikatulutsidwa, choncho zosunga za wosewera zizipita ku user://. Windows sasiyanitsa Mdani.png ndi mdani.png, koma paketi yotulutsidwa imasiyanitsa, ndiye chithunzi chimasowa. Lembani mayina onse a mafayilo ndi zilembo zazing'ono. Mafayilo a txt satengedwa okha, mpaka mutawalemba pa filter ya Resources pa zenera la Export. Njira yopewera zonsezi ndi kutulutsa gemu mlungu woyamba, ikadali kabokosi koyenda pa skirini, n'kumabwereza mlungu uliwonse pa foni yotsikitsitsa yomwe mungapeze.

Android imafuna OpenJDK 17, Android SDK ndi keystore yosainira gemu. Google Play imalandira fayilo ya AAB, yomwe imafuna kuti muyike Android build template n'kuyatsa Gradle, chida chomangira fayiloyo, ndipo Gradle payokha imatsitsanso zinthu zambiri ulendo woyamba. Akaunti ya Google Play ndi madola 25 kamodzi, koma akaunti yatsopano ya munthu payekha imayenera kuyesetsa gemu kwa anthu 12 kwa masiku 14 otsatizana isanaloledwe poyera. Kwa wogwira ntchito yekha, kupeza anthu 12 osachotsa gemuyo pa foni masabata awiri ndi ntchito yapayokha, ndiye yambani kuwanyengerera msanga. Za iPhone zimafuna Mac ndi madola 99 pachaka. Ma template a Switch, PlayStation ndi Xbox mulibe, popeza zida za makampaniwa ndi zachinsinsi ndipo sizingaikidwe m'khodi yapoyera, choncho mumalipira makampani monga W4 Games. Wokonda C# adziwenso kuti kuyambira 4.0 mpaka 4.4 pulojekiti ya C# situluka kupita ku browser.

Ndalama zogulitsira si nkhani ya Godot, koma ziwerengedwe gemu isanayambike. Sitolo ya magemu ya Steam imalipiritsa madola 100 pa gemu iliyonse, omwe amabwezedwa ikagulidwa kufika madola 1,000, ndipo Valve, mwini wa Steam, imatenga 30 peresenti. Malawi ndi Zambia alibe pangano la misonkho ndi America, choncho pa zogulidwa kumeneko amadulanso 30 peresenti ya gawo lanu. Gemu ya madola 5 yogulidwa ku America imakusiyirani madola 2.45 banki isanadulepo yake. Pa itch.io, sitolo ina ya magemu, kuika gemu n'kwaulere, ndipo gawo lawo limayambira pa 10 peresenti koma mumalisintha nokha. Gemu yoyamba ipite kumeneko, ya m'browser, makamaka popeza kuyambira 4.3 Godot imatulutsa mtundu wosafuna SharedArrayBuffer, chinthu cha m'browser chomwe chinkavuta pa masamba ambiri.

Chomwe injiniyi singakuchitireni ndi zojambula ndi nyimbo. Asset Library yake yadzaza ndi ma plugin, ndipo zithunzi ndi ma model okonzeka ndi ochepa poyerekeza ndi sitolo ya Unity. Werengani bwino: munthu mmodzi woyang'ana mbali 4, wochita zinthu 3, chilichonse cha zithunzi 6, ndi zithunzi 72. Adani khumi oterowo ndi zithunzi 720, musanajambule mtengo ngakhale umodzi. Eric Barone anatha zaka pafupifupi zinayi ndi theka akupanga Stardew Valley yekha isanatuluke mu 2016, ndipo gemu ija imaoneka ngati yosavuta. Zithunzi zaulere za Kenney zimathandiza poyesera, Krita ndi Blender pojambula, Audacity pa mawu, koma chopulumutsa chenicheni ndi kudula: mbali ziwiri zokha, inayo muzingotembenuza ndi flip_h.

Mafayilo a scene ndi mawu wamba, choncho Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za mafayilo, imagwira nawo bwino ntchito, ndipo kumene magetsi amazimazima musayambe popanda iyo. Foda ya .godot isalowe mu Git, koma timafayilo ta .uid tomwe tinayamba ndi 4.4 tizilowa. Mafayilo muziwasuntha muli m'kati mwa editor, chifukwa mukawasunthira kunja, njira zolembedwa m'khodi ndi m'ma scene zikhoza kuduka. Wofuna gemu ya m'Chichewa apeza njira yokonzeka: fayilo ya CSV, mzati umodzi pa chinenero chilichonse, ndi tr() m'khodi. Angoyesa font yake ngati ili ndi chilembo cha ŵ, poti ma font ambiri a pixel art alibe.

Pa 3D zinthu zasintha ndithu kuyambira 4.4, pomwe Jolt inalowa m'injinimo ngati njira ina yoyendetsera zogundana, ndipo kudukiza kobwera shader (khodi ya maonekedwe a zinthu) ikamakonzedwa koyamba kunachepa pa Forward+ ndi Mobile. Gemu yaing'ono ya chipinda chimodzi ngati Buckshot Roulette imatheka bwinobwino. Koma chida chosemera mapiri ndi zigwa mulibe, mumadalira plugin monga Terrain3D, ndipo kulowetsa dziko lalikulu pang'onopang'ono wosewera akamayenda mumakonza nokha. Ngati gemu yanu ndi ya mtundu umenewo, Unreal ili ndi zida zokonzeka, bola kompyuta yanu ikhale yoti ingaisenze.